Mwezi wa m'buku ndi mwezi wa ku Mualadzi

Tsiku lina m'nyengo yachisanu ndinakhala kumbuyo kwa kalasi pa sukulu ina ya kufupi ndi Mualadzi, kuonerera wophunzira uphunzitsi akuphunzitsa za kusintha kwa maonekedwe a mwezi. Anali atakonzekera ndithu. Pabolodi anajambula miyezi inayi, pansi pake nalemba Lua Nova, Quarto Crescente, Lua Cheia ndi Quarto Minguante. Poti inali kalasi ya zilankhulo ziwiri, dzina lililonse analimasulira m'Chinyanja, ana n'kumabwereza mofuula. Nthawi itatsala pang'ono ndinapempha kufunsa funso limodzi: kodi Lua Nova munamuona liti? Mtsikana wina anaimirira, nati anamuona dzana madzulo, chakumadzulo, pamwamba pa mtengo wa msuku. Anzake anavomereza. Mphunzitsi nayenso anagwedeza mutu, pakuti iye mwini ndiye anawauza kuti Lua Nova ndi "mwezi watsopano".

Mwanayo sananame. Anaonadi kamwezi kopyapyala kamene kwathu timati mwezi waoneka. Koma Lua Nova wa m'buku saoneka ndi maso. Ndi nthawi imene mwezi uli mbali imodzi ndi dzuwa, mbali yake yowala itatifulatira, ndipo agogo a mwanayo akanati mwezi wafa, uli mumdima. Kamwezi kopyapyala kaja kamadza patapita tsiku limodzi kapena awiri. Kumasulira liwu ndi liwu kunasandutsa chinthu chimene mwana anachidziwa bwino kukhala cholakwa, popanda wozindikira.

N'chifukwa chake ndikunena kwa inu amene mukukonzekera ntchitoyi kuti phunziro la mwezi lisamayambire pa mayina anayi a Chipwitikizi. Liyambire kumwamba ndi pakamwa pa ana, mayinawo abwere pomalizira. Kuyambira pa ntchito yoyesera ya PEBIMO, imene inaphunzitsa ana m'Chinyanja kuno ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza pakati pa 1993 ndi 1997, cholinga chakhala choti mwana aziganiza m'chilankhulo chimene amaganiziramo kale. Ngati Chinyanja tingochisandutsa mthunzi wa Chipwitikizi, mwana adzaloweza kawiri chinthu chimene sanachimve n'kamodzi komwe.

Mwana wa ku Mualadzi amabwera kusukulu akuudziwa mwezi kuposa mwana wa mumzinda wa Tete amene amakulira pansi pa magetsi. Amadziwa masiku amene anzake amachezera panja mpaka usiku, ndi masiku amene mdima umawathamangitsira m'nyumba. Amadziwanso kuti liwu limodzi lomweli, mwezi, limatchula chowala cha kumwamba ndi nyengo ya masiku, pamene Chipwitikizi chimalekanitsa Lua ndi mês. Apa chilankhulo chathu chatithandiza kale, chifukwa kuchokera pa mdima umodzi kufika pa mdima wina pamapita masiku 29 ndi theka. Mudziwiretu kuti m'makalasi a ana okulirapo ena adzasekera m'manja pakumva mawu akuti "kumwezi". Musakwiye, ingopitirirani.

Palinso nthano yakale ya Anyanja yakuti mwezi uli ndi akazi awiri. Puikani, wa kumadzulo, amaudyetsa bwino mpaka unenepe. Chekechani, wa kum'mawa, amaumana chakudya mpaka uwonde. Aphunzitsi ena amaopa kulowetsa nthano zotere m'phunziro la sayansi. Ine sindiopa, chifukwa amene anaipeka anali ndi maso akuthwa. Mwezi wokula umayambadi kuonekera kumadzulo dzuwa litangolowa, ndipo wotsala pang'ono kufa umaonekera kum'mawa mbandakucha. Akazi awiriwo ndi nyenyezi imodzi, pulaneti Venus, imene nyengo zina imawala madzulo, nyengo zina m'mawa. Nthanoyo yanena bwino za malo ndi nthawi. Chotsalira kwa mphunzitsi ndi kufotokoza chifukwa.

Chifukwacho ndicho chimagwetsa ambiri, ngakhale akuluakulu ophunzira. Mukafunsa, adzakuuzani kuti mthunzi wa dziko ndiwo umadya mwezi pang'onopang'ono. Si choncho ayi. Mthunzi wa dziko ukagwera pa mwezi ndiye kadamsana, monga uja wa usiku wa pa 27 Julaye 2018, ndipo amachitika pokhapokha mwezi uli wathunthu. Masiku onse theka la mwezi limakhala likuwalidwa ndi dzuwa. Chimene chimasintha, pamene mwezi ukuzungulira dziko, ndi kukula kwa gawo la theka lowalalo limene layang'ana kwa ife.

Kuonetsa zimenezi sikulira tochi kapena chipinda chamdima. Dikirani pafupifupi sabata imodzi mwezi utadzaza, pamene umaoneka m'mawa dzuwa litatuluka kale. Tulutsani ana pabwalo, aliyense ali ndi dzaye kapena lalanje. Atambasule dzanja, aike chipatsocho pambali pa mwezi umene akuuona kumwamba, osayang'ana dzuwa. Adzaona kuti chipatso chawala mbali imene mwezi wawala, ndipo chada mbali imene mwezi wasowa. Apa khalani chete kwa kanthawi, muwalole atsutsane m'Chinyanja chawo. Mwana amene adzanene kuti "dzuwa likuuomba cha uku" wamvetsa kale zimene buku lifuna.

Za zithunzi za m'mabuku muchenjere nazo. Ku Portugal amaphunzitsa ana kuti mwezi ndi wabodza: ukaoneka ngati D ndiye ukukula, ukaoneka ngati C ndiye ukuchepa. Lamulo limeneli ndi la anthu a kumpoto kwa dziko lapansi. Ife a kummwera timauona motembenuka, ndipo kuno ku Chifunde kamwezi koyamba nthawi zambiri kamagona chagada ngati mbale yopendekeka. Mwana akajambula chimene waona, inu n'kumuchongera cholakwa chifukwa sichikufanana ndi chithunzi chochokera kutali, mwamuphunzitsa kukayikira maso ake.

Wina adzati nthawi ndi yochepa, ndipo mayeso adzafuna mayina a Chipwitikizi. Zoona, ndipo mayinawo ayenera kuphunzitsidwa. Koma kuyang'ana mwezi sikudya nthawi ya kalasi. Sankhani Juni kapena Julaye, mitambo ya dzinja itachoka, utsi wa moto wa m'tchire usanachuluke. Kuyambira tsiku limene mwezi waoneka, mwana aliyense aziima pamalo amodzi pakhomo pawo dzuwa likangolowa, ajambule mwezi pamodzi ndi mtengo kapena nkhokwe imene ili pansi pake. Mphindi zisanu za m'mawa zikwanira kufananiza zojambulazo. Pakutha masabata awiri adzaona okha kuti mwezi wasuntha kuchoka kumadzulo kufika kum'mawa, ndipo wathunthu ukutuluka pamene dzuwa likulowa. Kenaka adzadandaula kuti wasowa, chifukwa usiku uliwonse umachedwa kutuluka ndi mphindi pafupifupi 50. Auzeni aufunefune m'mawa panjira yobwera kusukulu.

Mwezi wonse ukatha, lembani mayina anayi aja pansi pa zojambula za ana eni ake. Adzafunsa kuti bwanji theka la mwezi likutchedwa Quarto, ndipo mudzawayankha kuti dzinalo likuwerenga ulendo: mwezi wayenda gawo limodzi mwa magawo anayi a njira yake. Pa dzina la Lua Nova mudzalembe pansi pa tsamba limene ana analisiya lopanda chojambula.