Ligi yanu ya Madden yasanduka mpikisano wa liwiro

Lowani mu ligi ya gemu ya Madden NFL ya pa intaneti, ija anthu 32 amagawana matimu 32, muone mndandanda wa ma running back opanda timu. Mupezamo zimphona zokhazokha. Anyamata a makilogalamu 105 kapena 110, oti pa bwalo lenileni aphunzitsi angawalimbirane, angokhala, palibe wowayang'ana. Kenako onani amene akuyamba masewero m'matimu. Mayina ndi osiyana, koma munthu ndi mmodzi yemweyo: kamnyamata kopepuka ka malikisi a liwiro 94 kapena kuposa. Kutchinga sikadziwa. Kukankha mulu wa anthu sikangathe. Zilibe kanthu, bola liwiro.

Ndiye mukuti ligi imeneyi ikutsanzira mpira weniweni? Mukunamiza ndani?

Kwa amene mpira wa ku America sanauzolowere, nkhani yake ili motere. Timu imapatsidwa mwayi kanayi kuti ipititse mpira patsogolo mayadi 10, ndipo yadi imachepa pang'ono pa mita. Ikakwanitsa, imayambiranso kuwerenga. Ikalephera, mpira wapita kwa adani. Running back ndi uja amalandira mpira m'manja mwa quarterback, woponya mpira wa timu, n'kulowa nawo pakati pa anthu 11 ofuna kumugwetsa. A EA Sports, eni ake gemuyi, anawagawa m'mitundu itatu: Power Back wogumula, Elusive Back wozemba, ndi Receiving Back wowakha mipira yoponyedwa. Itatuyo ndi ya pa pepala. Masewero akayamba umatsala umodzi.

Ndikukumvani kale, achimwene. Mukuti ngakhale ku NFL wothamanga ndiye dolo, ndipo mukundikumbutsa za Chris Johnson. Sindinamuiwale. Anathamanga mayadi 40 m'masekondi 4.24 poyesedwa mu 2008, ndipo mu 2009 anapeza mayadi 2,006 atavala yunifomu ya Tennessee Titans. Zoona zimenezo. Koma bwanji nkhaniyo mumaidulira pakati? Chaka chimenecho Titans inapambana masewero 8, kugonja 8, ndipo m'ndime ya chipulula sinalowe. Chaka cha m'mbuyo mwake, pamene Johnson ankagawana ntchito ndi LenDale White, chimunthu cholemera chimene chinagoletsa ma touchdown 15, timu yomweyo inapambana 13, kugonja 3. Sindikuti chifukwa chinali chokhacho. Ndikuti umboni wanuwo ukukulumani inu nomwe.

Nanga Dri Archer mumamudziwa? Masekondi 4.26 mu 2014. Pittsburgh Steelers inamutenga. Moyo wake wonse mu NFL sanafike n'komwe mayadi 100 othamanga ndi mpira. Mu ligi yanu munthu wotere akanakhala mfumu, anthu akanagulitsa timu yonse kuti amupeze. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo sanali kunena za gemu, koma mwambiwo wakukwanani ndendende.

Chimene chimachititsa si chinsinsi. Pa bwalo lenileni, chuma chachikulu cha running back ndi maso ndi kudekha: kuona mpata usanatseguke, kudikira wotchinga amalize ntchito yake, kenako kulowa. Emmitt Smith sanali wothamanga kuposa anzake, koma mayadi ake 18,355 palibe amene wawapitirira. Tsono mu gemu, maso a wosewera ndi maso anu, nzeru zake ndi chala chanu chachikulu pa batani. Malikisi a kuona ndi kuzindikira amagwira ntchito kwenikweni pamene kompyuta ikudziyendetsera yokha. Munthu akangogwira chowongolera, zonsezo zafa. Chotsala ndi chimene chala sichingapereke, ndiye liwiro. Onjezanipo kuti ma ligi ambiri amafupikitsa chigawo chilichonse kuchoka pa mphindi 15 kufika pa 6 kapena 7, moti kamnyamata kaja masewero amatha kasanatope. Ntchito ya chimphona, yofooketsa adani pang'onopang'ono mpaka chigawo chachinayi aziopa kuchigwira, nthawi yake kulibe.

Vutoli ndi lakale kuposa ambiri a inu. Mu Tecmo Super Bowl ya 1991, Bo Jackson wa Los Angeles Raiders anali wosagwirika, moti ana ankabwerera naye m'mbuyo dala, kuzungulira bwalo lonse mpaka nthawi kutha, kenako n'kukagoletsa. Bo weniweniyo, ngakhale anali chilombo, sanafikepo mayadi 1,000 pa sizoni imodzi, chifukwa theka la chaka ankasewera baseball ku Kansas City, ndipo mu January 1991 anavulala chiuno, mpira wake n'kuthera pomwepo. Thupi lili ndi malire. Gemu ija inalibe. Zaka zoposa 30 zadutsa, makina akula, zithunzi zikuoneka ngati za pa wailesi ya kanema, koma inu mukuseweretsabe Bo yemwe uja, mwangomusintha dzina.

Tiyeni tiwerengere limodzi, popeza mumakonda kubisala kumbuyo kwa manambala. Mumati: "Onse awiri amapeza mayadi 4.5 pa kuthamanga kulikonse, ndiye akufanana, vuto lili pati?" Tengani wogumula. Wathamanga kanayi: mayadi 4, 5, 4, 5. Onse pamodzi 18. Tengani wozemba: wabwezedwa m'mbuyo mayadi 2, kenako 0, kenako 1, kenako 19. Onse pamodzi 18. Pa pepala ndi mapasa. Pa bwalo, woyambayo wadutsa mayadi 10 pa ulendo wachitatu ndipo timu ikupitiriza. Wachiwiriyo pofika ulendo wachinayi watsala ndi mayadi 11, mphunzitsi wanzeru waitana kale womenya mpira kuti aupereke kwa adani, ndipo mayadi 19 aja sadzabwera n'komwe. Kusiyana kwa mitundu iwiriyi kuli pamenepo. Wina amakupatsa zochepa zotsimikizika, wina amakupatsa juga. Ligi yabwino imakukakamiza kusankha. Ligi yanu inachotsa juga: wozemba amapeza 19 wake, koma kubwezedwa m'mbuyo sakudziwa, chifukwa akangokhota kuthamangira m'mbali mwa bwalo palibe womupeza.

Barry Sanders, wamtali mamita 1.73 okha, wozemba woposa onse amene mpirawu unaonapo, anapeza mayadi 2,053 mu 1997 ku Detroit Lions. Yemweyonso pa moyo wake anataya mayadi oposa 1,000 pogwetsedwa asanafike pamzere woyambira. Umenewo unali mtengo wa kuvina kwake, ndipo Detroit inkaulipira mosangalala. Ngati Sanders ankalipira, kamnyamata kanu ka 94 ndi ndani kuti kazidya zaulere?

Taganizani munthu wopanga gemu ya zamtengatenga m'mene njinga yamoto imanyamula matumba 300 a chimanga kuchoka ku Mchinji kupita ku Lilongwe, n'kufika lole isanadutse pa Namitete. Ndani angagule lole? Ndipo mungamunene wogula njingayo kuti ndi wakuba? Ayi. Iye wangoona pamene pali phindu. Wolakwa ndi amene anaiwala kuti katundu amalemera. Choncho lekani kutukwana anzanu m'magulu a ligi kuti amasewera mwachinyengo. Konzani malamulo.

Lole ija ili ndi tsiku lake, ndipo tsikulo lili ndi deti. Pa masewero otsegulira sizoni ya 2004, Steelers ikukumana ndi Oakland Raiders, Jerome Bettis wa Steelers, amene ankamutcha The Bus, anapatsidwa mpira kasanu. Anapeza yadi imodzi yokha. Anagoletsa ma touchdown atatu. Werenganinso. Ntchito ya pakati pa bwalo ankagwira Duce Staley, koma pakatsala yadi imodzi, pamene adani onse 11 aunjikana pamzere ndipo aliyense m'bwalomo akudziwa kumene mpira ukupita, ankaitana basi. Munthu wa manambala anganene kuti Bettis analephera tsiku limenelo. Steelers inapambana 24 kwa 21. Ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo ya chimphona ndi imeneyo. Mpaka lero anthu amakanganabe chifukwa chimene Seattle Seahawks inaponyera mpira itatsala ndi yadi imodzi mu Super Bowl ya February 2015, chimphona chawo Marshawn Lynch ali pomwepo, mpirawo n'kuthera m'manja mwa Malcolm Butler wa New England. Mkanganowo ulipo chifukwa aliyense amadziwa ntchito ya munthu ngati Lynch pa yadi yomaliza.

Tsono pali gulu lina, ndipo ili limandikwiyitsa kuposa loyamba, chifukwa limabwera litavala nkhope ya chilungamo. Awa ndi a bwana oyendetsa ligi amene mankhwala awo ndi kumeta aliyense mofanana. Palibe running back wopitirira liwiro la 90. Kapena asuntha chosinthira cha m'gemu (slider) chochepetsa kusiyana kwa liwiro mpaka wonenepa ndi wowonda azithamanga phewa ndi phewa. Kapena, poti anthu adandaula, akweza mphamvu zogumula mpaka chimphona chilichonse chizigwetsa anthu asanu paulendo umodzi, ndiye sizoni yotsatira aliyense wataya wozemba wake n'kuthamangira zimphona. Mwachiza chiyani pamenepo, bwana? Mwangosamutsa matenda kuchoka mwendo uno kupita mwendo uwo. Zala za m'dzanja sizilingana, ndipo amene angazidule kuti zilingane asadabwe akalephera kutola ndalama pansi.

Kulinganiza kwenikweni ndi kuika mtengo pa chilichonse. Kwezani kutopa, ndipo lolani kompyuta izitulutsa wosewera wotopa yokha, osati mwini timu azimukakamiza. Wopepuka amene walowetsedwa pakati pa zimphona maulendo 20 afike chigawo chachinayi miyendo italemera, mpira uzitha kumupulumuka akagundidwa, ndipo sabata yotsatira adzuke thupi likuwawa. Si maloto: College Football 25 ya kampani yomweyo inabwera mu 2024 ndi dongosolo la Wear and Tear limene limawerengera nkhonya zonse zimene thupi lalandira. Wolemera akagwidwa azigwera kutsogolo, yadi imodzi kapena ziwiri zaulere, koma akatulukira poyera azipezedwa kumbuyo. Ndipo m'ma ligi aja mumadzipangira osewera pogawa mapointi, liwiro lisagulidwe pa mtengo umodzi ndi zina zonse. Kuchoka pa 90 kufika pa 95 kuzidula kwambiri moti wogulayo atsale wopanda manja ndi wopanda mapewa, adziwe kuti wasankha.

Wowakha uja musamuiwale, poti ndiye amazembera pakati. Christian McCaffrey mu 2019 anapitirira mayadi 1,000 othamanga ndi 1,000 owakha, ndipo asanatero iye anali atachitapo ndi anthu awiri okha, Roger Craig mu 1985 ndi Marshall Faulk mu 1999. Anthu atatu m'mbiri yonse. Ligi yanu ikatulutsa asanu chaka chimodzi, musaombe m'manja, pitani mukaone chimene chathyoka. Ndipo running back wosadziwa kutchinga azimupweteketsa quarterback wake poyera, kuti malikisi a kutchinga akhale ndi tanthauzo.

Mufunsa za Derrick Henry, ndikudziwa. Wamtali mamita 1.91, makilogalamu 112, koma anathamanga mayadi 99 kukagoletsa pokumana ndi Jacksonville mu 2018, ndi kupeza mayadi 2,027 mu 2020. Inde, zilombo zotere zimabadwa. Ligi izilole. Koma zizibwera kamodzikamodzi, zizidula mpaka thumba la malipiro a timu lilire, ndipo zizikalamba. Matimu ena onse achite zimene Detroit inachita mu 2023, kuphatikiza David Montgomery wogumula ndi Jahmyr Gibbs wothamanga, aliyense n'kugoletsa ma touchdown osachepera 10. Anthu anawatcha Sonic ndi Knuckles, mayina a m'gemu ya Sega. Taonani manyazi ake: mpira weniweni ukubwereka mayina ku gemu pofotokoza kugwirizana kwa mitundu iwiri, pamene gemu yanu ya mpira singathe kusunga mitundu iwiri pa timu imodzi.

Ndipo musandiuze kuti a EA ndiwo akonze. Kuyambira kumapeto kwa 2004 iwo ndi okhawo ali ndi chilolezo cha NFL chopangira gemu ya mtundu umenewu, choncho palibe chowathamangitsa. Ma slider ali m'manja mwanu. Kutalika kwa chigawo kuli m'manja mwanu. Malamulo a ligi mumalemba nokha.

Chimene chimalepheretsa tonse tikuchidziwa. Nkhani ya kutopa ikangofika pa voti, amene amayamba kufuula kuti "gemu isiyeni momwe ilili" ndi omwe aja ali ndi tianyamata ta 95 ndi 96, ndipo kawirikawiri bwana woyendetsa ligi ali m'gulu lomwelo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndiye chitani izi: votani sizoni ikatha, matimu asanagawidwenso, pamene palibe amene akudziwa ngati adzagwira wozemba kapena wogumula. Muone ngati achimwene aja adzakanebe kuti wopepuka azitopa.