CHENJEZO: Musanaitanitse chakudya mumzinda, onani madzi, manja ndi moto

Kwa inu nonse amene mumadya nkhomaliro kunja kwa nyumba zanu, mu Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba: mvula ikayandikira, matenda otsegula m'mimba amayandikira nayo. Ogwira ntchito m'maofesi, ophunzira, oyendetsa minibasi, akabaza, amalonda a mumsika, nonse amene mumalawirira m'mamawa n'kubwerera kutada, chakudya chanu chamasana chimaphikidwa ndi munthu amene simumuona, ndi madzi amene simudziwa komwe atungidwa. Musadikire kuti boma lilengeze mliri pawailesi ndiye muyambe kusamala. Likamafika polengeza, anthu amakhala atagona kale m'matenti kuchipatala.

Tisaiwale msanga. Kolera amene anapezeka ku Machinga mu Malichi 2022, namondwe wa Ana atangodutsa, sanathe m'chilimwe monga tinazolowera. Anafika m'maboma onse a dziko lino, anagwira anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700. Sitinaonepo mliri wa kolera wotere m'mbiri ya Malawi. Pa 5 Disembala 2022 mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti dziko lili pangozi ya zaumoyo. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndipo boma linaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu, m'misika ndi m'madepoti a basi. Chiletsocho chitatha mphamvu tonse tinabwerera ku zizolowezi zathu, koma mipopi imaumabe, zimbudzi zimasefukirabe mvula ikagwa, magetsi amathimabe. Zimene zinadyetsa mliri uja zikadalipo.

Ambiri a ife tili ndi bodza limene timadzitonthoza nalo, loti matendawa ndi a anthu odya pachiwaya ndi m'timalesitilanti ta kuseri kwa msika, ndipo amene amadya pamalo a matailosi, pamene operekera chakudya amavala yunifolomu, sakhudzidwa. Funsani anzathu a ku Lusaka. Mu Januwale 2018, kolera atavuta mumzindawo, boma la Zambia linatseka nthambi zitatu za lesitilanti ya Hungry Lion litapeza tizilombo ta kolera m'zakudya zake. Amenewo anali malo owala, odziwika, odyako anthu a ndalama zawo. Mtengo wa mbale sunena kanthu za ukhondo wa kukhitchini. Wophika wa pamalo apamwamba amachokera kudera lomwelo kumene madzi akusowa, ndipo akadzuka m'mimba mukumupotokola amabwerabe kuntchito, chifukwa akajomba tsiku limodzi abwana amudula malipiro kapena kumuchotsa. Mlandu si wake, ndi wa mwini malo amene salola wodwala kupuma. Komanso anthu ambiri amene atenga tizilombo ta kolera sadwala n'komwe, koma amatitulutsa m'chimbudzi chawo kwa masiku angapo. Tayifodi ndiye amaposa apa: ena akachira amakhala nato tizilombo m'thupi kwa miyezi kapena zaka, akuyenda bwinobwino, akusenda anyezi wanu.

Ndiye yambani ndi manja, anu ndi awo. Mukalowa n'kupeza beseni limodzi la madzi limene aliyense akuviikamo manja, musasambemo. Madzi amenewo akutengerani litsiro la onse amene anakutsogolerani. Kusamba m'manja koteteza ndi kwa madzi othiridwa kuchokera m'jagi, pampopi kapena m'ndowa ya kampopi, ndi sopo, madziwo n'kutayika osabwereranso m'manja mwa wina. Ife timadya nsima ndi manja, tchipisi ndi manja, kanyenya ndi manja, choncho nkhani ya sopo si ya ulemu chabe ayi. Kansalu kopukutira m'manja kamene kapachikidwa pamsomali kuyambira m'mawa kasiyeni, manja aziuma okha.

Musanaitanitse chilichonse, pemphani kupita kuchimbudzi. Kukhitchini sangakuloleni kulowa, koma chimbudzi chimaulula zonse. Ngati mulibe madzi, mulibe sopo, ntchentche zili ng'waa, dziwani kuti wophika nayenso amalowa momwemo n'kutuluka osasamba, kubwerera ku mphika wanu. Ngati akuuzani kuti chimbudzi palibe, dzifunseni kumene antchito khumi a pamalopo amapita tsiku lonse. Tulukani. Simunalipire kanthu, simunalakwire munthu.

Tsopano za moto, ndipo apa ndi pamene malo ambiri ooneka bwino amagwera. Tizilombo ta m'zakudya timaswana mofulumira chakudya chikakhala chofunda, pakati pa madigiri 5 ndi 60. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophikidwa chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, ndipo chikamatenthetsedwanso chitenthe mpaka mkati. Taganizirani mmene malesitilanti athu amagwirira ntchito. Nyemba, nyama ndi mpunga zimaphikidwa cha m'ma 10 koloko m'mawa kuti pofika 12 zikhale zokonzeka. Amene afika 12 koloko adya chakudya chotentha. Amene afika 3 koloko, atatanganidwa ndi ntchito, apatsidwa zomwezo zitakhala maola asanu m'mapoto ozizira, m'nyengo ya Okutobala ndi Novembala pamene dzuwa likuswa mtengo. Zotsala za madzulo zimasakanizidwa ndi za mawa. M'mahotela ndi m'maphwando a ukwati, mbale zazitsulo zija zimayenera kukhala ndi kamoto pansi nthawi yonse, koma kamotoko kakazima ndi ochepa amene amakayatsanso. Lamulo lake ndi losavuta: chakudya chophika chifike pamaso panu chikutuluka nthunzi. Chofunda chibwezeni.

Mpunga muusamale mwapadera, chifukwa ambiri amauyesa chakudya chosavuta. Mumpunga wosaphika mumakhala tizilombo totchedwa Bacillus cereus, timene timapirira kuphika. Mpunga ukazizira pang'onopang'ono n'kukhala pamtunda, timadzuka n'kutulutsa poizoni amene saphedwa ndi moto. Ndiye kuti mpunga wa dzulo, ngakhale aukazinge ndi mazira ndi karoti n'kuutcha dzina lokongola, ungathe kukusanzitsani pasanathe maola asanu ndi limodzi. Ndipo sununkha, suwawasa, suoneka woipa. Chimenechi ndicho chimapusitsa anthu: timakhulupirira mphuno ndi lilime, pamene tizilombo ta kolera, ta tayifodi ndi ta salmonella sitisintha fungo kapena kakomedwe ka chakudya. Ndiwo zosasa mungazizindikire nokha. Zimene zimagoneka anthu m'chipatala nthawi zambiri zimakhala zokoma.

Kuthima kwa magetsi kumawonjezera vutoli. Namondwe wa Ana atawononga damu la ku Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa chaka choposa chimodzi magetsi ankathima maola ambiri pa tsiku. Ngakhale pano kuthima sikunatheretu. Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira kwa maola anayi okha magetsi akathima, ndipo ya mulesitilanti imatsegulidwa mphindi iliyonse. Nkhuku, soseji ndi chambo zimasungunuka, magetsi akayaka zimaumanso, mawa zisungunukenso. Mwini malo amene wagula nyama yodula sangaitaye mwa kufuna kwake. Ngati kudera kumeneko magetsi athima kuyambira m'mawa ndipo simukumva jenereta, musaitanitse soseji, nyama yogaya, mayonezi kapena aisikilimu. Idyani chimene chaphikidwa kumene, monga nsima yotentha ndi mazira okazingidwa pompo kapena usipa wouma.

Za pachiwaya ndinene mosapsatira: tchipisi zimene zavuulidwa m'mafuta owira inu mukuona n'zotetezeka kuposa nyama ya m'hotela imene yakhala yofunda theka la tsiku. Moto umapha tizilombo. Ngozi ya pachiwaya ili pa zimene zimabwera pambuyo pa moto. Kabichi, tomato ndi anyezi wosaphika amene amawaza pamwamba anadulidwa m'mawa, pathabwa lomwe anadulirapo nyama yaiwisi, ndipo mwina sanatsukidwe, kapena anatsukidwa m'ndowa imene yatsukanso mbale tsiku lonse. Masamba ambiri ogulitsidwa m'mizinda amalimidwa m'madimba a m'mbali mwa mitsinje, ndipo aliyense amene anaonapo mtsinje wa Mudi kapena wa Lilongwe podutsa m'tauni akudziwa zimene madziwo amanyamula. M'nyengo ya mvula nenani kuti, "Achimwene, saladi ayi, ndithirireni mchere ndi tsabola basi." Onaninso dzanja limene likulandira ndalama ngati ndi lomwelo likugwira tchipisi, ndiponso ngati jumbo akuitsegula poiuzira ndi pakamwa. Kanyenya, makamaka wa nkhumba ndi nkhuku, apse mpaka mkati. Mukaluma n'kuona kufiira kapena timagazi pafupi ndi fupa, abwezereni pamoto. Nkhumba yosapsa imapatsa njoka za m'mimba, ndipo nkhuku yosapsa ndiye gwero lalikulu la salmonella.

Madzi akumwa ndiwo njira yaikulu ya kolera. Jagi ya patebulo musaikhulupirire pokhapokha mutadziwa kuti madziwo ndi owiritsa kapena othira mankhwala a klorini monga WaterGuard. Mipopi ikauma, malo ambiri amagula madzi a m'zigubu kwa aliyense wobwera nawo, osafunsa chitsime chake. Botolo la madzi litsegulidwe pamaso panu, mumve chitsekerero chikuthyoka, chifukwa mabotolo akale amatoledwa n'kudzazidwanso. Ayisi wa m'chakumwa mukaneni: kuumitsa madzi sikupha tizilombo, ndipo mowa umene mwathiramo ayisiyo suteteza. Majuwisi osungunulira, mafilizesi, madzi a m'timajumbo ndi thobwa lotungidwa ndi kapu imodzi yoviika m'ndowa, zonsezi zili ndi funso limodzimodzi, loti madzi ake achokera kuti. Tiyi wowira ndi zakumwa za m'botolo lotseka sizikhala ndi vutoli.

Ndili ndi mawu kwa amene amatamanda malo odyera m'manyuzipepala, pa Facebook ndi pa TikTok. Mumatiuza za kukoma kwa msuzi, kukula kwa chambo, nyimbo ndi malo oimika galimoto. Ena mwa inu mumadya ulere, mwini malo akudziwa kuti mwabwera, mbale yanu n'kukonzedwa mwapadera. Anthu amakhulupirira mawu anu n'kupitako ndi ana awo. Ngati simunaone chimbudzi, simunafunse za madzi, simunapiteko nthawi ya 3 koloko mosadziwika, ntchito yanu simunaimalize, ndipo ngati munadya ulere nenani poyera. Owerenga, chithunzi chokongola cha mbale chisakulowetseni pamalo amene maso anu akukuuzani kuti mpauve.

Chimene chimatipweteka kwambiri ndi manyazi. Tinaleredwa kuti chakudya sanyoza, ndipo kunyumba kwa munthu chimenecho n'chabwino. Koma mulesitilanti mwagula, simunapatsidwe. Munthu amaona nkhuku yosapsa, amaona ntchentche mundiwo, n'kungokankhira pambali, kudya zotsalazo, kulipira, kutuluka osanena kanthu poopa kuoneka wovuta. Mbale yomweyo apatsidwa wina pambuyo pake. Kufunsa sikufuna mwano. "Amayi, mpungawu waphikidwa nthawi yanji?" "Asisi, ndiwozi zazizira, munganditenthetsereko mpaka ziwire?" Malo osamala amayankha mosavuta. Malo amene akukwiyirani chifukwa cha funso lotere akuuzani kale zimene mumafuna kudziwa. Amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chotsika ndiwo amagwa msanga, choncho mukakhala nawo musanyengerere ngakhale pang'ono. Katemera wa tayifodi amene anayamba kuperekedwa kwa ana mu Meyi 2023 ndi wothandiza, koma sateteza ku kolera kapena ku mpunga wogona.

Mukayamba kutsegula m'mimba kwamadzimadzi, makamaka chimbudzi chikamaoneka ngati madzi otsukira mpunga, kaya mukusanza kaya ayi, yambani kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo muli panjira yopita kuchipatala. Kolera amatha kuonekera patangopita maola ochepa kapena masiku asanu mutadya, ndipo amatha kupha munthu wamkulu wamphamvu tsiku lomwelo chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi. Ngati Thanzi palibe, sungunulani masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, muzimwa pafupipafupi ngakhale mukusanza. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Musadikire kuti kuche, musayambe mwapita kukagula makapisozi pagolosale. Kumwa maantibayotiki mwachisawawa kwathandizira kuti tayifodi wa ku Blantyre asamamvenso mankhwala angapo amene kale ankachiza. Kutentha thupi kwa masiku angapo, mutu ndi kupweteka m'mimba pamene malungo sanapezeke, kapimitseni tayifodi.

Kuchipatala auzeni kumene munadya, tsiku lake, chimene munadya ndi amene munadya nawo, chifukwa ndi mmene azaumoyo amalondolera gwero la matenda asanafalikire. Sungani lisiti ngati anakupatsani. Kenako kadandauleni ku ofesi ya zaumoyo ya khonsolo ya mzinda wanu, imene imapereka ziphaso za malo odyera ndipo ili ndi mphamvu yoyendera ndi kutseka, kapena ku Malawi Bureau of Standards. Ngati anthu awiri kapena atatu amene munadyera limodzi mwadwala mofanana, pitani lero lomwe, malowo asanaphikire anthu ena mawa.