Chipika Chimene Chinasanduka Buku

M'sukulu zathu zambiri muli chizoloŵezi chakuti mphunzitsi alembe pa bolodi mawu a Chingerezi mbali ino, matanthauzo ake m'Chicheŵa mbali inayo, ana nkuloŵeza. Njirayi njofulumira, koma imamnamiza mwana kuti liwu lililonse lili ndi tanthauzo limodzi lokha. Kuti tione kuperewera kwake, tiyeni titenge kaliwu ka zilembo zitatu, "log".

Mwana amauzidwa kuti "log" ndi chipika, thunthu la mtengo wogwetsedwa, ndipo nzoonadi. Koma mwana yemweyo akadzayamba ntchito yoyendetsa galimoto ya boma, adzampatsa "log book" kuti azilembamo maulendo ake. Kodi chipika chaloŵa bwanji m'buku?

Yankho lake lili pa nyanja. Kale amalinyero a ku England pofuna kudziŵa liŵiro la chombo ankamangirira kachipika ku chingwe chachitali, nkukaponya m'madzi kumbuyo kwa chombocho. Kachipikako kankatsalira, chingwe nkumasomphoka. William Bourne adafotokoza njirayi m'buku lake m'chaka cha 1574. Pambuyo pake adayamba kumanga mfundo pa chingwecho motalikirana mamita 14 ndi pang'ono, ndipo ankaŵerenga mfundo zodutsa m'manja pa masekondi 28. Nchifukwa chake mpaka lero liŵiro la sitima zapamadzi amaliŵerenga mu "knots", ndiye kuti mfundo. Buku lolembamo liŵirolo lidatchedwa "log book", kenaka "log" chabe, ndipo dzinalo lidafalikira ku kaundula aliyense wa zochitika tsiku ndi tsiku. Kuyambira 1862 sukulu za ku England zolandira chithandizo cha boma zidalamulidwa kusunga buku lotere, ndipo aphunzitsi aakulu kuno akulidziŵa bwino. Ngakhale wotsegula kompyuta akauzidwa kuti "log in", kwenikweni akulembetsa dzina lake m'kaundula.

Matanthauzo onseŵa ndi a mbumba imodzi, ndipo gogo wawo ndi chipika chija. Koma ku sekondale mwana amakumana ndi "log" wina pa masamu, amene alibe nawo ubale ngakhale pang'ono. Ameneyu ndi chidule cha "logarithm", liwu limene John Napier wa ku Scotland adalipanga kuchokera ku mawu aŵiri a Chigiriki, ndi kulifalitsa m'chaka cha 1614. Nzeru yake njakuti kuchulukitsa kusanduke kuwonkhetsa. Poŵerengera pa 10, "log" ya 100 ndi 2, ya 1,000 ndi 3. Tikawonkhetsa tipeza 5, ndiyo "log" ya 100,000. Wophunzira amene adangoloŵeza za chipika adzafunafuna mtengo m'samuyi osaupeza.

Ena adzati Chingerezi nchosokoneza, ndipo mwana wamng'ono tisamsenzetse matanthauzo ambiri. Nzoona kuti sitingampatse onse tsiku limodzi. Koma nanga Chicheŵa chathu nchosiyana? Mayi akafunsa mtengo wa nsomba pa msika, palibe amene amamlozera mkuyu. Mfundo ili pa chingwe, ilinso m'mawu a mkulu woweruza mlandu pa bwalo. Mutu uli pa khosi, ulinso pamwamba pa nkhani inoyi. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sasokonezeka nazo, chifukwa adawamva mawuŵa ali pakati pa anzawo, osati ali okhaokha pa bolodi. Chimene amachita kale m'chiyankhulo chake angathe kuchichitanso m'Chingerezi, malinga titamsonyeza njira.

Tsono kwa aphunzitsi tikuti: liwu latsopano liperekedwe m'chiganizo, ndipo mwana auzidwe poyera kuti ili ndi tanthauzo loyamba chabe, ena adzakumana nawo m'tsogolo. Pamene mbiri ya liwu ikudziŵika, isimbidwe, pakuti nkhani ya kachipika koponyedwa m'nyanja siiŵalika msanga ngati mndandanda woloŵeza. Kwa inu amene mwatsiriza sukulu, mukatsegula dikishonale musaime pa tanthauzo loyamba. Ŵerengani onse, kenaka bwererani ku chiganizo chanu mukaone loyenera. Kalata ya ntchito kapena funso la mayeso zingamgwetse munthu chifukwa cha liwu limodzi limene ankaganiza kuti akulidziŵa. Paja akulu adati safunsa adadya phula.