Kum'mwera kwa Africa kukusowa akatswiri a zamankhwala a matenda opatsirana

JOHANNESBURG – Pamene tizilombo tikupitiriza kupima mphamvu mankhwala a maantibayotiki, funso lomwe lakula m'zipatala za m'chigawo chino ndi lakuti ndani aziwongolera kagwiritsidwe ntchito ka mankhwalawa.

Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya Lancet mu 2022 adapeza kuti anthu 1.27 miliyoni adamwalira mu 2019 chifukwa cha tizilombo tosamva mankhwala, ndipo vutoli lidakula kwambiri kum'mwera kwa chipululu cha Sahara.

Ku America, wazamankhwala amene watsiriza digiri amachita chaka chimodzi cha maphunziro a m'chipatala, kenaka chaka chachiwiri cha matenda opatsirana okhaokha. Amaphunzira kuwerenga zotsatira za kulabotale, kusankha mankhwala oyenera ndi kulangiza madokotala nthawi yosiya kupereka mankhwalawo.

Njira imeneyi imafuna ndalama, aphunzitsi ndi malabotale odalirika. Ku Malawi, digiri ya zamankhwala idayamba mu 2006, ndipo azamankhwala ambiri amatanganidwabe ndi kugawa mankhwala ndi kusamala mosungiramo.

South Africa idaonetsa njira ina. Lipoti la mu 2016 la zipatala 47 za Netcare lidaonetsa kuti azamankhwala opanda ukatswiriwu, ataphunzitsidwa ali pantchito, adachepetsa kagwiritsidwe ntchito ka maantibayotiki ndi 18 peresenti.

Komabe, ophunzitsa anzawowo ayenera kukhala akatswiri. Ndipo maboma akapanda kukhazikitsa maudindo ndi malipiro oyenera, amene angaphunzire ukatswiriwu adzakopeka ndi ntchito zakunja.