Luso Lisatidyere Maso

Anyamata ena a luso akudzipangira okha makina odulira matabwa ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser. Luso lotere nlotamandika, koma diso likafa siligulidwa m'sitolo. Kuwala koboola thabwa kungathe kupsereza m'kati mwa diso munthu asanaphethire, ndipo kawirikawiri kupenya sikubwereranso. Kuwala kwina sikuoneka nkomwe, ndipo magalasi a dzuwa sateteza ai.

Tsono mmisiri atsekere makina ake m'bokosi, avale magalasi oyenera makinawo, ndipo ana akhale kutali. Asadule pulasitiki wa PVC, pakuti utsi wake uononga mapapo. Makolo, tisagulire ana timatochi ta laser ta pamsika. Wolasidwa m'diso afulumire ku chipatala. Kuthiramo zitsamba nkuonjezera tsoka.