KODI ABUDA ANGATIPHUNZITSE CIANI IFE A KUNYANJA?

Kuno ku Mangochi tiudziwa bwino mzikiti ndi chalichi, koma ndi owerengeka mwa ife amene anamvapo za cipembedzo ca Buddha. Ena ayesa kuti ndi nkhani ya kutali yosatikhudza. Ai, cinafika kale m'dziko lathu lino. Pafupi ndi Blantyre pali malo olererako ana amasiye ochedwa Amitofo Care Centre, amene anawayambitsa ndi mmonke wa ku Taiwan, dzina lace Hui Li. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tiyeni tikaone kalumoko tisanakakane.

Buddha, amene dzina lace leni-leni linali Siddhartha Gautama, anaphunzitsa kumpoto kwa India zaka ngati 2,500 zapitazo. Omtsata ace alonjeza zinthu zisanu: kusapha camoyo, kusatenga cimene sanapatsidwe, kusacita ciwerewere, kusanama, ndi kusamwa zoledzeretsa. Msilamu kapena Mkristu sangadabwe nazo zimenezi. Cimene candikoka mtima ine ndi cakuti munthu alonjeza yekha ndi pakamwa pace, osakakamizidwa, ndipo sayenda yekha. Gulu la anzace, limene alicha Sangha, aliwerengera pa cuma cao citatu, pamodzi ndi Buddha mwini wace ndi ciphunzitso cace.

Ciphunzitsoci cinaoloka nyanja nkufika kwa Azungu. Ku London anakhazikitsa bungwe la Buddhist Society m'caka ca 1924. M'caka ca 1979 Jon Kabat-Zinn anayamba kuphunzitsa odwala ku Massachusetts, ku America, kukhala cete ndi kusamala mpweya ndi maganizo ao, osachula za cipembedzo. Njirayi yathandiza anthu, sindikana. Koma lero ambiri aicita okha-okha m'cipinda, foni ili m'manja, malonjezo asanu aja ndi gulu lija atazisiya pambali. Kumeneko ndi kumwa msuzi ndi kutaya nsomba.

Ophunzira anzanga, ife a m'cigono tili ndi malamulo ambiri, belu ndi maprifekiti. Nanga bwanji sopo ndi shuga zisowabe m'masutikesi? Cifukwa cace ndi cakuti malamulowo tiwayesa a ahedi, osati athu. Tiwasunga pamene tochi ya aphunzitsi ili pafupi, ikazima nafenso tazima. Ndipo tikamuona mnzathu alikuba tikhala duu, poopa kuchedwa akazitape. Khalidwe lotere ndi la mantha, ndipo lidzatha tsiku limene tidzaturuka pa cipata ndi setifiketi.

Wina adzati, "Iwe, lonjezo loyambalo likutsutsa wekha, pakuti fizi yako ailipira ndi ndalama za usipa." Nzoona, ndipo sindinena kuti atate aotche ngalawa yao. Mbuda wokhwima sangabvomere nchito ya usodzi, ndipo pamenepo ine ndisiyana naye. Komabe lonjezolo liticititsa manyazi pa cinthu cimodzi, ndico kupha kopanda cifukwa. Amene akoka kasawala ndi neti ya udzudzu apha cambo ca mawa. Cambo ca m'nyanja ya Malombe cinacepa anthu alikuona, ngakhale malamulo a boma analipo. Ndico cifukwa cace kuyambira 1993 anakhazikitsa makomiti a asodzi m'madoko, pozindikira kuti mlonda wa boma sangakhale m'bwato liri lonse usiku. Msodzi mmodzi sangasiye ukonde woletsedwa pamene anzace onse alikuuponya. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Tsono pempho langa ndi ili. Cigono ciri conse cisankhe malonjezo ace ocepa, monga kusaba, kusanama ndi kusazunza a Fomu 1. Tiwanene tokha pamaso pa anzathu pa ciyambi ca temu, ndipo Lamulungu liri lonse madzulo tikhale pansi mphindi 15 kufunsana m'mene tawasungira, popanda mkwapulo ndiponso popanda kusekana. Aphunzitsi atipatse nthawiyo, koma asakhalepo.

Palibe afunika kusiya mzikiti kapena chalichi cace kuti acite zimenezi. Cofunika ndi kukhala ndi bwenzi limene lingakuuze kuti walakwa, iwe nkulithokoza. Kodi m'cigono canu muli nalo bwenzi lotere?

Wophunzira wa Fomu 3