Tom ndi Jerry atiseketsa mokwanira, nanga Kalulu ali kuti?

Funsani mwana wa pulaimale pa Mangochi boma, ku Makawa kapena ku Monkey Bay kuti akutchulireni mphaka wotchuka, ayankha mosachedwa kuti Tom. Mufunseninso kuti Kalulu anawapusitsa bwanji Njovu ndi Mvuu pokokana chingwe, muona akukanda m'mutu. Mwanayo sanalakwe ayi. Ofunika kudzifunsa ndife akuluakulu: zatheka bwanji kuti mphaka ndi khoswe ojambulidwa ku America akhazikike m'mitu ya ana a m'mbali mwa nyanja kuposa nthano za agogo awo?

Tiyambe ndi mbiri yake. Anayambitsa katuniyu ndi anyamata awiri, William Hanna ndi Joseph Barbera, amene ankagwira ntchito ku kampani ya mafilimu ya MGM. Kafilimu koyamba kanatuluka mu 1940, ndipo nthawi imeneyo mphakayo ankatchedwa Jasper. Pofika 1958 anali atatulutsa timafilimu 114, kalikonse ka mphindi pafupifupi zisanu ndi ziwiri, chithunzi chilichonse chojambula pamanja. Tisanu ndi tiwiri mwa timafilimuti tinapata mphotho ya Oscar. Poyamba tinkaonetsedwa m'nyumba za kanema, ndipo mu 1965 tinalowa pa wailesi yakanema ya CBS, kumene tinayambira ulendo wozungulira dziko lonse.

Kuno kwathu Tom ndi Jerry sanadzere pa wailesi yakanema, poti kunalibe. Boma la Kamuzu silinafune kuti dziko lino likhale nayo, ndipo TVM inadzatsegulidwa mu 1999, patatha zaka zisanu chilowereni matipate ambiri. Awiriwa analowera ku khomo lakuseri, m'mavidiyo sho. Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000 tikukumbukira bwino: chisakasa chotchinga ndi mphasa, mabenchi a matabwa, deki ndi sikirini patebulo, jenereta ikulira panja. Mwini vidiyo ankaika katuni podikira kuti anthu adzaze, filimu ya Bruce Lee kapena Rambo isanayambe. Nsomba zikaphedwa bwino kudoko, benchi inkadzaza, ndipo alovi a ndevu zawo ankaseka kuposa ana.

Chinsinsi choyamba cha katuniyu nchakuti Tom ndi Jerry pafupifupi salankhula. Nkhani yonse ili m'maso, m'miyendo ndi m'nyimbo za Scott Bradley, zimene zimatsata phazi lililonse. Taganizirani boma ngati la Mangochi, kumene pa benchi imodzi pamakhala wolankhula Chiyao, wolankhula Chinyanja ndi msodzi wa Chitonga wochokera ku Nkhata Bay. Filimu ya Chingerezi inkafuna wina womasulira, koma mphaka akamenyedwa ndi chiwaya onse ankaseka nthawi imodzi, ngakhale amene sanapondepo m'kalasi.

Chachiwiri nchakuti nkhaniyi ndi yathu kale. Wamng'ono wochenjera kugonjetsa wamkulu wamphamvu, si Kalulu ndi Fisi ameneyo? Mayi wogulitsa usipa amene kwa zaka zambiri sankatha kuyankha mnyamata wa Youth League pomutsekera chipata cha msika chifukwa chosowa khadi ya chipani, sankafunika womuuza chifukwa chokondwera khoswe akapambana. Kungoti Jerry ali ndi mwayi kuti ndi wa ku America. Ku Mangochi kuno akanapulumuka poti ambiri sadya mbewa, koma akanangoyerekeza kudutsa mu msewu wa M1, bwenzi pano ali pa kamtengo, atathiridwa mchere.

Makolo ena amadandaula kuti katuniyu amaphunzitsa ana ndewu. Ine nkhawa imeneyi sindiikana, koma nthano zathu nazo si zofatsa: m'menemo nyama zimapsa ndi moto, zimagwera m'mbuna, zimadyedwa. Chimene chiyenera kutivuta kwambiri ndi china, chimene ambiri tinaseka osachiona. M'timafilimu takale muli mayi wachikuda wonenepa, wovala masilipasi, wokalipa ndi tsache m'manja, amene nkhope yake siioneka kawirikawiri. Amatchedwa Mammy Two Shoes, ndipo mawu ake ankalankhula Lillian Randolph. Chithunzi chimenechi chinachokera ku nthawi ya ukapolo, pamene azungu a ku America ankaona mayi wakuda ngati wantchito wa m'khichini basi. Anthu akuda kumeneko anadandaula, ndipo mayiyu anaoneka komaliza mu 1952. Mu 2014 kampani ya Amazon inaika chenjezo pa timafilimuti kuti muli tsankho. Eni ake avomereza, koma kuno makope akale akuyendabe m'mamemori khadi popanda wonenapo kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikuti aletsedwe, a Censorship Board anatiletsa zokwanira kuyambira 1968. Ndikuti mwana akamaonera, wamkulu akhale pafupi amuuze chimene akuona.

Tsopano kwa inu ophunzira ndi inu a bizinesi, phunziro lenileni lili pa ndalama. Mphotho zisanu ndi ziwiri zija sanalandire Hanna ndi Barbera, analandira bwana wawo Fred Quimby, amene sankajambula. Mu 1957 MGM inatseka dipatimenti ya makatuni, awiriwo ntchito inatha, ndipo mphaka ndi khoswe anatsala m'manja mwa kampani. Umwini wake unapita kwa Ted Turner mu 1986, kenako ku Warner Bros mu 1996. Wolima wina, wokolola wina. Koma anyamatawo sanakhale pansi kulira. Chaka chomwecho anatsegula kampani yawo, Hanna-Barbera, napeza njira yotsika mtengo: m'malo mojambula thupi lonse mobwerezabwereza, ankasuntha pakamwa ndi manja pokha, kumbuyo kukhala komweko. Ndi njira imeneyi anapanga The Flintstones mu 1960, sewero la banja la m'nthawi ya miyala limene linaonetsedwa madzulo, nthawi ya akuluakulu, mpaka 1966. Ndi limene linalambula njira ya The Simpsons mu 1989.

Ndiye tisamanamizane kuti katuni ndi za mayiko olemera okha. Anzathu a ku Zambia atisonyeza: Malenga Mulendema analemba Supa Team 4, nkhani ya atsikana anayi a mu Lusaka, ndipo mu 2023 inaonetsedwa pa Netflix. Ife luso loseketsa tili nalo. Dziko limene linabala Kapalepale pa wailesi ya MBC, limene linaseka ndi Izeki ndi Jakobo mpaka nthiti kuwawa, silingasowe nkhani. Ojambula aliponso, onani zikwangwani za m'magolosale ndi m'mabarbershop kuchokera pa Mpondasi mpaka ku Chembe. Pulogalamu ya pa kompyuta ya Blender ndi yaulere. Chikusowa ndi wogula.

Pempho langa nali. A MBC ndi mawailesi akanema ena apatule mphindi zisanu pa sabata za katuni wa Chichewa kapena Chiyao, ndipo alipire wojambula, asamuuze kuti kutchuka ndiwo malipiro. Inu obena mafilimu m'mafoni pa msika, mwana wa kuno akabweretsa ntchito yake gwirizanani mtengo, musangokopera. Inu ojambula, kumbukirani za Quimby: werengani pepala musanasaine, ndipo pitani ku COSOMA mukadziwe ufulu wanu.

Hanna anamwalira mu 2001, Barbera mu 2006, koma mphaka wawo akupangabe ndalama. Agogo amene akudziwa nthano za Kalulu ku Malindi, ku Namwera ndi ku Makanjira nawonso akutha mmodzimmodzi, ndipo iwo akapita sasiya tepi. Amene ali ndi foni apite akawajambule mawu chaka chino, kujambula zithunzi kudzatsatira.